David Livingstone pa Chilwa: Zoyeza, Zongoganizira ndi Zakumva

Pali buku lina lakale limene aliyense wa ife angathe kulitsitsa pa intaneti osalipira ngakhale tambala, ndipo m'bukumo munalembedwa kuti nyanja ya Chilwa imaoneka yakuya. Msodzi wa pa Kachulu atamva zimenezi akhoza kuseka mpaka kugwira nthiti, pakuti iye amawolokera ku chilumba cha Chisi pokankha bwato ndi nsungwi imene imagunda pansi. Komatu amene analemba bukulo sanali mbuli, ndiponso sanali munthu wokonda bodza. Anali dokotala, ankadziwa kuyeza nyenyezi, ndipo anayenda wapansi mitunda yosaneneka mu Africa muno. Dzina lake tinaliloweza tili ku pulayimale: David Livingstone.

Moyo wake tikuukumbanso pa chifukwa chathuchathu. Masiku ano mphunzitsi akatipatsa asainimenti, sitisowa chowerenga ngati mmene ankasowera akuluakulu athu. Timangolemba mawu awiri atatu pa Google Scholar, mapepala a kafukufuku mazanamazana n'kutulukira, ambiri aulere, aja amati a open access. Bandulo ndi yochepa, nthawi nayo ndi yochepa, ndiye titsitse liti, tisiye liti? Livingstone anamwalira zaka zoposa 150 zapitazo, intaneti sanailote n'komwe. Koma zolemba zake zinawerengedwa ndi anthu ochuluka, ena anazimeza zonse n'kutaya nazo moyo, ndipo lero zambiri mwa izo zili pa intaneti mwaulere, pamodzi ndi zina zimene zinabisika kwa zaka zoposa 100. Pa munthu wotere tingaphunzirirepo kawerengedwe.

Anabadwa pa 19 March 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, uja anapatsa dzina mzinda wathu wa Blantyre. Banja lonse linkagona m'chipinda chimodzi m'nyumba za antchito a fakitale ya thonje m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito yolumikiza ulusi ukaduka pa makina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka n'kupita kusukulu ya usiku. Pa malipiro a sabata yake yoyamba anapatulako ndalama n'kugula buku la galamala ya Chilatini. Atakulirapo ankaika buku pamwamba pa makina opota ulusi, n'kumawerenga chiganizo chimodzi chimodzi akamadutsapo.

Mkangano woyamba wa moyo wake unali wa chowerenga. Bambo ake, a Neil Livingstone, munthu wopemphera amene ankagulitsa tiyi khomo ndi khomo, ankaopa kuti mabuku a sayansi amazimitsa chikhulupiriro. David ankakonda mabuku omwewo, a sayansi ndi a maulendo, moti chikwapu chomaliza chimene analandira kwa bambo ake chinali chifukwa chokana kuwerenga buku la zauzimu la William Wilberforce. Amene anathetsa nkhondoyi mumtima mwake anali Thomas Dick, mlembi wa ku Scotland wokonda za nyenyezi, amene mabuku ake ankaphunzitsa kuti sayansi ndi chikhulupiriro si adani. Ambiri a ife amene timachoka m'labu n'kulowa m'chapelo tikuudziwa mtendere umene mnyamatayu anaupeza.

Anayamba maphunziro a udokotala ku Anderson's College ku Glasgow mu 1836, bungwe la London Missionary Society linamulandira, ndipo mu 1841 anafika ku Kuruman, ku South Africa wa lero, kumishoni ya Robert Moffat, amene mwana wake Mary anadzakhala mkazi wake mu 1845. Za mkango umene unamuphwanya mkono ku Mabotsa, za mfumu Sechele imene anaibatiza ku Kolobeng, ndi za nyanja ya Ngami, tonse tinazimva. Chimene sitimva kawirikawiri ndi chimene anachita ku Cape Town mu 1852. Kumeneko anapita kukakweza mkazi ndi ana ake sitima yopita ku Britain, koma anapezanso mpata wokhala ndi Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa boma, n'kumanola luso lopezera malo enieni amene munthu waima poyeza dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Kuyambira pamenepo manambala ake ankawatumiza kwa Maclear kuti awawerengetsenso asanalowe pa mapu. Mbali imeneyi ya ntchito yake ndi imene inali yolimba koposa, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: panali munthu wina wodziwa, amene sanali nawo paulendo, wokhala ndi ufulu womuuza kuti apa walakwitsa. Magazini abwino a kafukufuku amachita zomwezo, amatumiza pepala kwa akatswiri ena lisanasindikizidwe. Koma Maclear ankaona manambala okha. Zimene Livingstone ankanena za nthaka, za matenda, za malonda ndi za mitima ya anthu a m'dera, panalibe woziunika.

Ulendo umene unamutchukitsa unayambira ku Linyanti, kwa Amakololo a mfumu Sekeletu, mu 1853. Anafika ku Luanda, kugombe la kumadzulo, mu May 1854, n'kubwerera, n'kuona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu November 1855, n'kutsika ndi Zambezi mpaka ku Quelimane mu May 1856. Panjira imeneyi anachita kanthu kamodzi kooneka kakang'ono. Atayandikira Tete, pamene mtsinje umalowa m'mapiri, anausiya n'kudula njira ya kumtunda. Anamva kuti kutsogoloko kuli mathithi otchedwa Kebrabasa, anawayesa aang'ono, ndipo sanapatuke kukawaona. Ndi malo aja lero pali damu la Cahora Bassa.

Buku lake la Missionary Travels linatuluka mu 1857 ndipo linagulidwa makope pafupifupi 70,000. M'bukumo ndi m'zolankhula zake, Zambezi anamuonetsa ngati msewu wotseguka umene sitima zidzalowetsere uthenga wabwino ndi malonda achilungamo, kuti malonda a akapolo afe okha. Pa 4 December 1857 analankhula ku yunivesite ya Cambridge, ndipo mawu ake anabala mishoni ya Universities' Mission to Central Africa. Boma la Britain linamupatsa mapaundi 5,000 ndi udindo wa kazembe. Atabwerera ndi sitima yake yaing'ono ya Ma Robert n'kufika pa Kebrabasa kumapeto kwa 1858, anapeza chigwa chopapatiza cha miyala yoterera yotentha ndi dzuwa, madzi akugwa mowopsa, posatheka kudutsa sitima ina iliyonse. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Tsopano tiganize mmene zinthu zinalili. Boma lapereka ndalama, mayunivesite akusonkhanitsa amishonale, dzina lake lili m'nyuzipepala iliyonse, koma msewu umene analonjeza watsekeka ndi miyala. Munthu wotere akatembenukira ku mtsinje wina, amapita akufunitsitsa kukapeza nkhani yabwino. Mtsinje winawo unali Shire.

Mu January 1859 anakwera ndi Shire mpaka mathithi a kumtunda kwa Chikwawa anamubweza. Mu March anabweranso, sitima anaisiya kwa mfumu Chibisa, ndipo ananyamuka wapansi pamodzi ndi John Kirk, dokotala wa zaka 26 wodziwa za zomera, ndi amuna angapo achimakololo. Ankafunsa njira ya ku nyanja yaikulu. Koma mawu oti nyanja anthu a m'derali ankatchulira madzi aakulu alionse, kaya ndi mtsinje, kaya ndi dambo, moti wolondolera wina anawazunguza n'kuwalozera dambo la m'mbali mwa Shire yemweyo, Amakololo n'kumuyesa wachinyengo. Munthuyo sananame, anayankha funso limene anafunsidwa. Nafenso zimatichitikira pa kompyuta. Wofufuza mbiri ya nyanjayi akalemba Chilwa yekha, zolemba zakale zambiri zimamudutsa, chifukwa azungu oyamba ankalemba kuti Shirwa.

Pa 18 April 1859 anaima patsinde pa phiri limene Livingstone analilemba ndi maina awiri, Pirimiti ndi lina limene ndi Mpyupyu wathu yemweyu, kungoti m'kalembedwe ka mlendo. Kumwera ankaona Mulanje, kumadzulo Zomba, chakumpoto Chikala, ndipo kutsogolo madzi okhaokha mpaka pamene maso alekezera. Zimene analemba za malowa, m'makalata ake ndi m'buku la 1865 limene analemba ndi mng'ono wake Charles, n'zoyenera kuzisanthula pang'onopang'ono, chifukwa m'ndime imodzi muli zinthu za mitundu yosiyana zimene wowerenga wothamanga amazimeza pamodzi.

Zina anaziyesa yekha. Madzi anawalawa n'kupeza kuti ndi amchere pang'ono ndi owawirako, ndipo anaganiza molondola kuti chifukwa chake n'chakuti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina imathiramo, koma madzi amachoka ndi dzuwa basi, mchere n'kutsala. Kukwera kwa nyanja kuchokera pa nyanja ya mchere anati ndi mafiti 1,800, amene ndi mamita pafupifupi 550. Oyeza a masiku ano amapeza mamita opitirira pang'ono 600. Kwa munthu wa zida za m'thumba, sanaphonye patali.

Zina anangoganizira. Kutalika kwa nyanja anati mwina ndi mamailosi 60 kapena 80, ndiye kuti makilomita 100 kufika 130, pamene Chilwa wathu ndi theka chabe la zimenezo. Koma apa timupatse ulemu wake: ananena poyera kuti mapeto a kumpoto sanawaone. Wolemba amene amatiuza pamene maso ake analekezera watithandiza kale, ngakhale nambala yake ikhale yolakwika. Za kuya zija ndiye panalibe chingwe chimene chinaponyedwa m'madzi. Anaona zilumba zitaima ngati mapiri pakati pa madzi, n'kuganiza kuti pansi pake m'pakuya. Anafikanso mu April, mvula itangotha, nyengo imene nyanja imakhala itadzaza koposa. Chilwa m'malo ambiri sapitirira mamita atatu.

Ndiye pali zakumva. Anthu anamuuza kuti chakumpoto kuli nyanja ina yaikulu kwambiri, ndipo iye anamva kuti pakati pa nyanja ziwirizi pali kamtunda kochepa chabe. Kamtunda ka mchenga kalipodi, koma kamalekanitsa Chilwa ndi Chiuta. Nyanja ya Malawi, imene anakaifika pakati pa September chaka chomwecho, ili kutali, kuseri kwa mapiri. Nkhani ziwiri zoona zinalumikizana m'khutu la mlendo n'kubala nkhani imodzi yolakwika, ndipo inali yolakwika mokomera chimene iye ankafuna, njira yapafupi ya malonda.

Chimene Livingstone sakanatha kuchidziwa m'masiku ochepa amene anakhala m'mbali mwa nyanjayi ndi chimene mwana aliyense wa ku Chisi amachidziwa: Chilwa amaphwa. Anaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018, pamene mabwato anagona pa matope ong'aluka pa Kachulu, anthu n'kumapita ku chilumba wapansi ndi pa njinga. Matemba, makumba ndi milamba zimathawira m'mitsinje ndi m'maiwe, asodzi a m'zimbowera amasamuka, ndipo mvula ikabwerera nsomba zimachulukanso modabwitsa. Kuti zimenezi zimveke bwino panafunika anthu okhala, osati odutsa. Kuyambira 1966 mpaka 1976 akatswiri a University of Malawi anafufuza nyanjayi chaka ndi chaka. Kuphwa kwa 1968 kunawapeza ali pantchito, ndipo anaona ndi maso nyanja ikufa n'kudzukanso. Zotsatira zake zinatuluka mu 1979 m'buku limene anakonza Margaret Kalk, A. J. McLachlan ndi C. Howard-Williams. Chodabwitsa n'chakuti buku la munthu wodutsa lija ndi laulere pa intaneti, pamene la zaka khumi lija ndi logula, ndipo ambiri a ife tingalione pokhapokha titapita ku laibulale. Ulere wa pepala umangotiuza za mtengo wake, za kulemera kwake sutiuza kanthu.

Sitikunyoza zaulere, ayi. Kuchokera pamene gulu la akatswiri linatulutsa chikalata cha ku Budapest mu 2002, lopempha kuti zotsatira za kafukufuku ziziwerengedwa ndi aliyense, wophunzira wa ku Malawi wapeza zimene mphunzitsi wake ankangozimva. Malawi Medical Journal timaiwerenga osalipira. African Journals Online yasonkhanitsa magazini mazanamazana a mu Africa muno, ndipo Directory of Open Access Journals, imene inayamba mu 2003 ku yunivesite ya Lund ku Sweden, imayamba yaunika magazini isanawalowetse m'kaundula wake. Koma pamsika pakachuluka ogula, akuba nawo amabwera. Pali magazini amene amalandira ndalama kwa wolemba n'kusindikiza chilichonse, opanda Maclear wina aliyense. Mu 2013 mtolankhani John Bohannon anapeka pepala lodzaza zolakwika zoonekeratu, lonena za mankhwala a khansa ochokera ku ndere, analisainira maina opeka a akatswiri a m'mizinda ya mu Africa, n'kulitumiza ku magazini aulere 304. Okwana 157 analilandira.

Choncho pepala lonena za Chilwa likatulukira pa foni, tisanathamangire mawu okoma a kumapeto, tiyambe taona gawo lofotokoza mmene kafukufukuyo anachitikira, n'kulifunsa zimene tamufunsa Livingstone. Wolembayo anakhala nthawi yaitali bwanji, m'nyengo yanji, pa doko liti? Amene wafunsa asodzi a pa doko limodzi mwezi umodzi wa chaka cha madzi ambiri akhoza kunena zoona zokhazokha za mwezi umenewo, n'kulakwa akangoyamba kunena za nyanja yonse. Ndi ziti anayeza, ndi ziti anauzidwa? Akuvomereza pamene sanafike? Analipira kafukufukuyo ndani, ndipo yankho lotani likanamusangalatsa wolipirayo? Pamwamba kapena pansi pa tsamba loyamba pamalembedwa tsiku limene pepala linalandiridwa ndi tsiku limene linavomerezedwa. Zikatalikirana masiku anayi okha, tidziwe kuti palibe katswiri amene anakhala nalo pansi. Ndipo pepala labwino likakhala lotsekeredwa ndi mtengo, woyang'anira laibulale ndiye mnzathu, chifukwa malaibulale a m'dziko muno anapanga mgwirizano wa MALICO wogulira limodzi zowerenga, ndipo palinso Research4Life imene imatsegulira maiko osauka magazini ambiri ogula.

Wina anganene kuti kulakwitsa kuya kwa nyanja sikunaphe munthu. N'zoona. Koma m'makalata omwewo Livingstone anayamikira mapiri a pakati pa Shire ndi Chilwa kuti ndi dziko lozizira bwino, la thanzi, la thonje lambiri, loyenera amishonale ndi amalonda. Anaona thonje lenileni ndi anthu akuluka nsalu ndi kusula makasu, sanapeke. Zimene anazichepetsa ndi malungo a m'njira ya Shire, kuvuta kobweretsa katundu, ndi nkhondo imene inali itayamba kale kufuka chifukwa cha malonda a akapolo opita ku Tete ndi kugombe. Bishopu Charles Mackenzie anafika mu 1861 atakhulupirira zonse. Pa 16 July chaka chimenecho, kwa Mbame, Livingstone ndi anzake anamasula akapolo 84, ndipo amenewa ndi amene anayamba nawo mishoni ku Magomero, m'mbali mwa Namadzi, mtsinje umene madzi ake amakathera mu Chilwa. Pasanathe milungu yambiri bishopu anali atanyamula mfuti, kumenyera Amang'anja polimbana ndi Ayao cha ku Zomba, pa mkangano umene sankaudziwa mutu wake, pakuti ambiri mwa Ayaowo anali othawanso nkhondo kwawo, ndipo ogulitsa anthu analipo mbali zonse. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 pamene Ruo amathira mu Shire, mankhwala ake atamira m'madzi. Mnzake Henry Burrup anamutsatira pasanathe mwezi. Mary Livingstone anamwalira ku Shupanga pa 27 April 1862. Kenako chilala ndi njala zinagwa m'chigwa cha Shire, amishonale ena n'kumwaliranso, ndipo pofika 1864 mishoni inasamukira ku Zanzibar.

Panali wowerenga wina amene nkhani yake imatikhudza. James Stewart, mnyamata wa ku Scotland, anawerenga Missionary Travels n'kutentheka mtima, ndipo anabwera yekha kudzaona malo oti mpingo wake uyambitse mishoni. Ataona minda yopanda thonje limene ankaliyembekeza, mu February 1863 anatenga buku lija n'kuliponya mu Zambezi. Poyamba analimeza lonse, kenako analilavula lonse, ndipo pawiri ponse anapitirira muyeso, chifukwa m'bukumo munali zoona zambiri zimene mpaka lero akatswiri amazigwiritsa ntchito. Mtima utakhala pansi, Stewart yemweyo ndi amene mu 1874 anapempha mpingo wake kuti uyambitse mishoni ya Livingstonia.

Boma la Britain linaitanitsa ulendo wa Zambezi mu 1863, nyuzipepala zikuutcha wolephera. Livingstone anawolotsa yekha sitima yake yaing'ono ya Lady Nyassa pa nyanja ya mchere mpaka ku Bombay, n'kupita kwawo kukalemba buku la 1865 lija, limene mwa zina linali lodziteteza. Mu 1866 anabwereranso, ulendo uno kudzafuna gwero la Nile. Anadzera ku Rovuma, kwa Mataka, n'kuzungulira kumwera kwa nyanja ya Malawi. Kumeneko amtengatenga ena, motsogozedwa ndi Musa wa ku chilumba cha Johanna, anamuthawa, ndipo atafika ku Zanzibar anasimba mwatsatanetsatane mmene Angoni anamuphera. Nkhaniyo inali yomveka bwino moti ngakhale Kirk, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku Zanzibar, anaikhulupirira, ndipo nyuzipepala za ku London zinalira maliro. Amene anakana anali E. D. Young, msilikali wa pamadzi amene anagwirapo ntchito ndi Musa pa Shire n'kumudziwa kuti ndi wabodza. Young sanatsutse nkhaniyo pokhala pampando. Mu 1867 anabwera ndi boti lachitsulo lomasula, anthu analisenza kulambalala mathithi a Shire, ndipo kwa mfumu Marenga ndi m'midzi ina anapeza anthu amene anamuona mzunguyo ali moyo, atadutsa kale malo amene ankati anaphedwera.

Zaka zotsiriza zinali zowawa. Bokosi lake la mankhwala linabedwa mu January 1867, mawotchi ake oyezera anawonongeka moti mapu ake a ku Bangweulu anasokonekera, ndipo nthawi zambiri ankadalira chifundo cha amalonda achiswahili ndi achiarabu omwewo amene malonda awo ankawada. Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu amene anaphunzira kuyeza kwa Maclear anayamba kutsamira pa nkhani yakumva ya Herodotus, mlembi wachigiriki wa zaka zoposa 2,000 m'mbuyomo, yonena za akasupe a Nile. Ankafunitsitsa kuti Lualaba akhale Nile, ngakhale m'zolemba zake momwemo nthawi zina ankaopa kuti ndi Congo. Analidi Congo.

Pa 15 July 1871, pa msika wa Nyangwe m'mbali mwa Lualaba, anaona amalonda a akapolo akuwombera anthu, ambiri amayi, mazana n'kufa ndi zipolopolo kapena kumira pothawa. Mapepala anali atamuthera, inki inali itatha. Anang'amba nyuzipepala yakale ya The Standard n'kumalemba mopingasa pamwamba pa zosindikizidwa, ndi inki yofinya ku njere za mtengo. Nkhani ya Nyangwe, imene Henry Morton Stanley anapita nayo ku Ulaya atakumana naye ku Ujiji kumapeto kwa chaka chimenecho, inagwedeza Britain, ndipo mu June 1873 Kirk anakakamiza Sultan Barghash kusaina pangano lotseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar. Livingstone anali atamwalira milungu isanu m'mbuyomo, kumayambiriro kwa May, m'mudzi wa Chitambo ku Zambia wa lero. Mtima wake anaukwirira pansi pa mtengo, ndipo Abdullah Susi, James Chuma, Jacob Wainwright ndi anzawo ananyamula thupi lake miyezi isanu ndi inayi mpaka ku Bagamoyo. Chuma anali Myao wa kwathu kuno, amene anamasulidwa ku ukapolo ali kamnyamata mu 1861 n'kukulira m'manja mwa amishonale a ku Magomero. Maliro anaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 April 1874, patatha zaka 15 zenizeni chiimireni patsinde pa Mpyupyu.

Buku lotsiriza, The Last Journals, silinatuluke m'manja mwa mwini wake. Analikonza ndi Horace Waller, amene analinso ku Magomero, munthu womukonda Livingstone ndi wodana kwambiri ndi ukapolo. Waller anachotsa mawu aukali amene Livingstone analembera anzake, anasalaza malo amene akanamuchotsera ulemu, ndipo chithunzi chija timachidziwa tonse, cha munthu womwalira atagwada m'pemphero, anachiumba kuchokera pa zimene anasimba Susi ndi Chuma. Kwa zaka zambiri dziko linkawerenga Waller likuyesa kuti likuwerenga Livingstone. Dorothy Helly, katswiri wa mbiri yakale, ndi amene anayala poyera kukula kwa kusinthaku m'buku lake la 1987, atayerekeza zolemba pamanja ndi zosindikizidwa.

Masamba a nyuzipepala a ku Nyangwe aja ndiwo anakanika kuwerengeka, chifukwa inki ya njere inafufuma pamene zilembo zakuda za The Standard zinatsala. Mu 2010 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Adrian Wisnicki linawajambula ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana, kompyuta n'kuzimitsa zosindikizidwa, dzanja la Livingstone n'kuonekera. Anapeza munthu wamantha ndi wosokonezeka, amene ankakayikira kuti mwina ena mwa antchito ake omwe anali nawo m'chiwembucho, mfundo imene iye mwini anaifewetsa pokopera nkhaniyo m'buku lake lalikulu, Waller asanaikhudze n'komwe. Zonsezi anaziika pa intaneti mwaulere, ndipo lero zili pa Livingstone Online: chithunzi cha tsamba lenileni, mawu ake otayipidwa, ndi kufotokoza mmene anazipezera, kuti wokayika aliyense ayerekeze yekha zimene Livingstone analemba tsiku lomwelo, zimene anakopera pambuyo pake, ndi zimene zinasindikizidwa mu 1874. Mu 2019 anaikaponso zolemba za Jacob Wainwright za paulendo wonyamula maliro, m'dzanja lake la Wainwright mwini. Masamba enieni a nyuzipepala ija, ambiri mwa iwo akusungidwa ku Blantyre wa ku Scotland, pa nyumba ya antchito a fakitale imene Livingstone anabadwira.